Maliro a Thunthu la Nthochi

"Ndiye mwatsimikiza kuti simukapempherera maliro a mwana wa mng'ono wanga?" adafunsa Stelia, atasiya kusenda nkhwani.

"Kumaliroko ndipita, mayi a Mayeso," adayankha mwamuna wake, Eneya Sakala, maso ali pa chubu cha njinga chimene ankamata. "Koma kuti ndiime patsogolo pa bokosi, ndikweze manja, ndinene kuti gona mumtendere mwana wathu, m'bokosimo muli thunthu la nthochi, zimenezo ayi. Mulungu sanandiitanire kuika nthochi m'manda."

"Mwambowu sanauyambitse ndi achimwene. Kuyambira kale munthu akafera kutali, mtembo wake osaoneka, anthu amaika nthochi kuti mitima ya otsala ikhale pansi."

"Kutali kwake kuti? Ku Zambia komwe amayi a m'mudzi muno amakagula sopo m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke? Achimwene anu a Timoteyo anamukweza Tamandani pa njinga yamoto, mwana wa sitandade faifi, ati akawete ng'ombe pa famu. Popita anamunyamula. Pobwera angonyamula mawu: wamira mumtsinje, amuika konko. Manda ake anawaona? Ayi. Nkhope anaiona? Ayi. Anangomva pa foni kwa kapitawo wa pafamupo."

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve! Nkhani yomweyi ndakhala ndikufuula mpaka mawu kusasa."

"Ndipo mwapindulanji?" Stelia adaika lichero pansi. "Kumpingo anakuchotsani pa guwa chifukwa chotchula maina a anthu pa ulaliki. Lero mukupempheretsa matenanti a ku esiteti m'chigafa chodontha. Kumsonkhano wa chitukuko mukangoimirira ndi nkhani yanu ya lamulo loletsa kuwolotsa ana, anthu amayamba kuseweretsa mafoni. Ine ndikafika pamjigo amayi amadula nkhani. Amati mkazi wa abusa amisala wabwera."

"Wamisala anaona nkhondo."

"Nkhondo yakeyo mukuilowetsa m'nyumba muno! Mwaiwala kuti pano ndi kwathu? Munda tikulimawu, malo a nyumba ino, zonse mwini wake ndi achimwene, mwini mbumba. Inu ndinu mkamwini, bambo a Mayeso. Chibale ndi fupa, sichiwola. Mukufuna ndisankhe pakati pa mwamuna ndi mlongo wanga?"

Eneya adasiya chubu chija. Adayang'ana kuseri kwa nkhokwe, kumene kunali nyumba ya Anasi, mng'ono wake wa Stelia, mayi wa mwana womwalirayo. Amuna anali atayamba kale kudzika mitengo ya chisakasa cha maliro. Koma kulira kunalibe. Mudzi wonse udangoti zii, ngati anthu akudikira wina awauze kuti tsopano yambani.

"Tamandani nayenso ndi fupa lanu," adatero motsitsa mawu. "Nanga iye aima naye ndani?"

Stelia adatola lichero lake n'kulowa m'khitchini.

Dzuwa litapendeka kudamveka kulira kwa njinga yamoto. Adatsika Timoteyo, munthu wamtali wokonda kuvala jombo, mwini golosale ya pamphambano, yemwenso anali mkulu mumpingo womwe udachotsa Eneya. Stelia adamutulutsira mpando koma iye adakana kukhala.

"Alamu, ndamva kuti mwakana."

"Mwamva zoona."

"Ine sindikanabwera n'komwe. Mpingo wathu uli ndi abusa ake. Koma Anasi akuti mwana wake ankakonda kukaimba kuchigafa kwanuko, ndiye akufuna pemphero lanu. Madzi akatayika sawoleka, alamu. Tiyeni timuthandize mlongo wanga aiwale."

"Tiyeni timuthandize aone manda a mwana wake. Mawa m'mawa tikwere njinga yanuyi, mukandionetse pamene anamuika. Tikatero ndipemphera mpaka mutopa nane."

"Kumeneko ndi dziko la eni. Mukayamba kutokosa nkhani, apolisi a uko ndi a kuno alowererapo, famu ija ititsekera chipata. Mukudziwa kuti mabanja ambiri m'mudzi muno akupumako chifukwa pakamwa pamodzi pali kumeneko? Uno ndi Febuluwale. Nkhokwe zili pululu. Mwana akakhala pano adya chiyani, mavesi anuwo? Makolo amabwera okha kugolosale kwanga, n'kugwada, 'A Timoteyo, mutengereniko wangayu.' Ine sindinabepo mwana wa munthu."

"Njala ndikuidziwa, nanenso imagona m'nyumba mwanga. Koma njala ikalowa m'mudzi, amene amapita kukasuma ndi akulu. Ife tasanduka nkhuku zodya mazira ake omwe. Ndipo mukawolotsa mwana, mwini famu sakuthokozani ndi pakamwa pokha. Kapena ndikunama?"

Timoteyo adayang'ana mlongo wake, kenako adabwezanso maso kwa Eneya.

"Mkamwini asamakule mwendo, alamu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame amakamuka, inde. Koma asanakamuke amanyowetsa mapazi a munthu woyenda m'mamawa mozemba, ndipo anthu amadziwa kuti uyu wachokera kutchire."

Timoteyo adaliza njinga yake n'kuchoka osatsanzika. Stelia adaimabe pomwepo, mpando uli m'manja.

Maliro adachitika mawa lake. Bokosi linali laling'ono, lokhomedwa kale misomali. Adzukulu adalinyamula atawerama ngati lolemera. Koma pokwera kamtunda ka kumanda, china chake chidagubuduka m'katimo n'kugunda thabwa, gu! Nyimbo ya amayi idaduka pakati. Palibe adayang'ana mnzake. Patapita kanthawi mayi wina adaidzutsanso nyimboyo ndi mawu onjenjemera, ulendo n'kupitirira.

Abusa a mpingo waukulu adalalikira za kufupika kwa moyo wa munthu. Za ng'ombe, za malire, za mtsinje, sadatchuleko. Eneya adaima kumbuyo kwa gulu, chipewa m'manja. Anasi sadalire. Amayi adamugwira mbali zonse kudikira kuti agwe, koma iye adangoyang'ana dothi likutsikira m'dzenje, maso ali gwa.

M'masiku otsatira Eneya adasowa mtendere. Akamva muluzu wa abusa a ng'ombe kudambo ankatembenuka msanga. Lamulungu ali m'kati molalikira m'chigafa muja, maso ake adagwera pa kachitsa pamene Tamandani ankakhala poimba ng'oma, ndipo mawu adamuthawa. Matenanti adadikira. Mvula inkadontha kuchokera kudenga n'kumagwera pa kachitsa komweko, tho, tho, tho. Adangoti, "Tiyeni tiimbe," koma iye mwini sadatsegule pakamwa.

Tsiku lina m'mawa akubandira chimanga kumunda, adamva mtswatswa kumbuyo kwake. Anali Anasi, atameta, mpango wakuda kumutu. Adagwada pamzere.

"Alamu, pepani ndakudulani ntchito."

"Palibe kanthu, mayi a Tamandani. Mwadzuka bwanji?"

"Kudzuka ndadzuka. Amayi akumandiuza kuti ndizipita pamanda paja kuti mtima uvomere. Ndikafikapo ndimangoima ngati ndaima pamunda wa eni. M'mimba mwangamu simukundiuza kanthu. Bambo ake a Tamandani atamwalira kuchipatala, ndinadziwa uthenga usanafike; miyendo inangozizira yokha. Koma uyu ayi. Masana, dzuwa lili pamutu, ndimamva muluzu wake kuseri kwa nyumba, uja ankaimba poitana mbuzi. Ndikatuluka palibe munthu. Kodi ndapenga, alamu?"

"Simunapenge."

"Tsiku lopita ndinamuveka jekete lofiira la bambo ake kuti asamazizidwe kudambo. Linamufika m'mawondo. Anaseka, akuti ndaoneka ngati sing'anga wa kuchipatala." Anasi adakweza maso. "Achimwene ndikawafunsa amandikalipira. Pitani inu mukandionere. Ngati ndi manda, mukanditapire dothi la pamenepo, ndiligwire, mwina ndilira."

Madzulo Eneya atamuuza mkazi wake, Stelia adasiya zimene ankachita n'kumuyang'ana.

"Mukawoloka, musadabwe mukadzapeza katundu wanu ali panja," adatero. "Sindine ndidzamutulutse, komanso sindingathe kuwaletsa abale anga."

"Ndamva."

"Mumamva koma simumvera."

Eneya adanyamuka kutacha. Sadadzere njira zachidule za m'minda zimene Timoteyo ankawolotsera ana. Adapita pachipata cha boda ya Mchinji, adadutsa pakati pa malole oima pamzere ndi anyamata osintha ndalama amene ankamuitanira, adatenga chiphaso chake, n'kupalasa kulowera kumafamu. Matope ankamata matayala moti malo ena ankachita kuisenza njingayo. Adafika pafamupo dzuwa litapendeka.

Kapitawo anali munthu wonenepa, chikoti chachikopa chili kukhwapa.

"Ba abusa, mwabwela mochedwa," adatero m'Chinyanja cha kumeneko. "Nkhani inasila kudala, kalekale. Mwana anamila. Tinamupeza patapita masiku, madzi atamuononga. Tinamuziba na jekete yofiila."

"Ndionetseni pamene munamuika."

Adamulozera kumapeto kwa munda wa fodya, pafupi ndi chulu. Panali kamtumbira kakang'ono, kokutidwa ndi nthambi za minga kuti afisi asafukule. Panalibe mtanda, panalibe dzina. Udzu unali utayamba kale kumera. Eneya adagwada, adapemphera, adatapa dothi n'kulimanga m'kampango.

Atadzuka adaona anyamata ang'onoang'ono chapatali, ataima pakati pa ng'ombe, atavala matumba a feteleza oboola pakhosi. Ankamuyang'ana osaphethira. Adawapatsa moni wa kwawo, "Muli bwanji, ana anga?" Onse adazyolika. Mmodzi adatsegula pakamwa ngati ayankhe, koma ataona kapitawo adatembenuka n'kuthamangira ng'ombe yomwe sinkathawa n'komwe.

Potuluka pachipata, mayi wina wosenza ndowa adamuimitsa n'kumupatsa madzi m'kapu. Uku Eneya akumwa, mayiyo adayankhula maso ali pansi.

"Abusa, ine ndine Benedicta, ndimaphikira antchito pano. Kwathu ndi ku Guilleme, kuno ndinabwera ndi ukwati. Musandiyang'ane, muzingomwa. Tsiku limene lija ana anasowa awiri. Akapitawo ananena za mmodzi chifukwa mtembo unapezeka umodzi. Winayo anati wathawa, ndipo pano wothawa safunsidwa. Pitani kuphiri uko kwa owotcha makala. Ndamva kuti akusunga kamnyamata kosayankhula."

Adalandira kapu yake n'kupitiriza ulendo ngati sadanene kanthu.

Njira ya kuphiri inali yamiyala. Eneya adaikankha njinga mpaka adamva fungo la utsi. Amuna awiri ankakwirira uvuni wa makala. Pambali pawo, pa chipika, padakhala mwana wakuda bii ndi phulusa, nthiti zikuoneka, miyendo yodzaza zilonda. Ankayang'ana utsi.

Eneya adaima. Adatsamiritsa njinga pamwala.

"Tamandani!"

Mwanayo adadzidzimuka n'kufuna kuthawa, koma atamuyang'anitsitsa adaima.

"Bambo aakulu," adatero ndi mawu okhala ngati achita dzimbiri. "Musandibwezere kufamu."

Owotcha makala aja adasiya makasu. Adati chimutolereni m'tchire, aka kanali koyamba kumumva akuyankhula.

Eneya adakhala naye pa chipikapo, dzanja lili paphewa pake, mpaka mwanayo adayamba kufotokoza.

"Mnzanga Maliko anali ndi malungo. Ankanjenjemera, ndiye ndinamubwereka jekete. Ng'ombe imodzi inawoloka mtsinje, kenako madzi anadzaza. Akapitawo anali atanena kuti ng'ombe ikasowa atimangirira pamtengo ngati anachitira wina uja. Ine ndinaopa madzi. Maliko anati iye amatha kusambira. Analowa. Ndinaona jekete likuzungulira, likuzungulira, kenako osaonekanso. Ndinaitana, ndinaitana. Kenako ndinathawa."

Eneya adamva kampango kaja kakulemera m'thumba. Dothi adatapa lija linali la mwana wa munthu wina, ndipo munthuyo sankadziwa kanthu.

Adagona konko. Mawa lake pa boda adafotokoza zonse kwa apolisi, za famu, za kamtumbira, za ana ovala matumba. Apolisi adalemba, adamufunsa mwanayo modekha, adaimbira anzawo a tsidya lina, ndipo adati abwera kumudzi tsiku lomwelo.

Adalowa m'mudzi masana, Tamandani ali pakaliyala. Oyamba kuwaona anali amayi a pamjigo. Wina adakuwa, ndowa idagwa, madzi adamwazika.

"Mayo ine! Mzukwa!"

"Ndondocha! Mwana tinaika uja!"

Adabalalika, ena kusiya ana pansi n'kubwereranso kudzawatola. Zitseko zidatsekedwa. Tamandani adakakamira malaya a Eneya kumbuyo.

"Akuthawa chiyani, bambo aakulu?"

"Akuthawa manyazi awo, mwana wanga. Gwiritsa."

Anasi adatuluka m'nyumba atamva phokosolo. Adaima pakhonde. Sadathamange, sadakuwe. Adayenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka pa mtengo umodzi. Atafika adatambasula dzanja, adalibweza, adalitambasulanso. Adagwira khutu la mwanayo, adatsitsa dzanja pa tsaya, adamukweza mkono n'kuyang'ana chipsera cha moto chimene adapsa ali wakhanda. Apo ndi pamene adalira. Adalira kulira konse kumene kudakanika kumanda kuja, atakhala pansi m'matope, mwana ali pamiyendo ngati woyamwa. Stelia adafika akuthamanga, adagwada n'kuwakumbatira onse awiri.

Anthu adayamba kutuluka mmodzimmodzi. Mantha adasanduka manong'onong'o, manong'onong'o adasanduka mkwiyo.

"Anamukhwimira!" adafuula bambo wina. "Golosale ija imayenda bwanji chonchija? Anamusandutsa ndondocha kuti azimukokera makasitomala! Abusa amulanditsa ndi mapemphero!"

"Mfiti! Tiyeni konko!"

Chigulu chidakhamukira kumphambano, ena atatola miyala, wina atanyamula kachigubu ka petulo. Eneya adasiya njinga pansi n'kuthamanga kudzera m'minda. Adapeza Timoteyo atadzitsekera m'golosale. Adaima pachitseko n'kutambasula manja.

"Woyamba kuponya mwala andiponye ine!"

"Chokanipo, abusa! Si inu nomwe mwakhala mukumunena?"

"Ndakhala ndikumunena, ndipo ndimunenanso pamaso pa apolisi akubwerawa. Koma bodza lanuli ndalikana. Palibe ufiti pano. Palibe pemphero langa limene ladzutsa munthu. Mwanayu sanafe. Anali kuphiri, akudya zotsala za owotcha makala, inu muli kalikiliki kuimbira nthochi nyimbo. Munamva nonse ikugubuduka m'bokosi. Ndani anafunsa?"

Anthu ena atazyolika, Eneya adapitiriza.

"Mukufuna akhale mfiti chifukwa mfiti imagwira ntchito yokha, usiku, anthu ali m'tulo. Koma uyu ankabwera masana, pakhomo panu, ndipo mumamuyalira mphasa. Inu a Zakeyu, mwanyamula petulo, wanu ali kuti? Ndamuona dzulo, wavala thumba la feteleza, anaopa kundiyankha moni. Inu mayi a Joe, wanu ali kuti? Inu akabaza amene mumawapalasa mpaka m'malire, simuona kuti mwanyamula mwana wa sukulu? Mukawotcha golosaleyi mupita kwanu mitima itayera, ndipo chaka chamawa adzabwera wina ndi njinga yamoto ina. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Lero Anasi wamulandira wake. Koma pafamu paja pali kamtumbira, ndipo m'menemo simuli nthochi. Muli mwana."

Zakeyu adaika kachigubu pansi. Mayi wina kumbuyo adayamba kusisima, kenako wina. Miyala idagwa m'manja imodziimodzi.

Galimoto ya apolisi itafika, Timoteyo adatsegula yekha chitseko. Nkhope yake inali itatuwa. Mlamu wakeyo akudutsa pafupi naye, Eneya adamugwira mkono.

"Alamu, chinthu chimodzi chokha. Maliko ndi mwana wa yani?"

"Maliko uti?"

"Amene anamira atavala jekete la Tamandani. Munamuwolotsa ndinu."

Timoteyo adakwinya pamphumi. Ankayesetsadi kukumbukira.

"Ndinatenga angapo cha kwa Mavwere," adatero. "Maina sindinkasunga."

Sabata yomweyo ana a m'mudzimo amene anali pafamu paja adabwezedwa kwawo. Ku msonkhano wa chitukuko lamulo la Eneya lidavomerezedwa popanda wotsutsa: mwana wa sukulu asawolotsedwenso kukagwira ntchito, ndipo wakabaza womunyamula adzayankha mlandu pamodzi ndi kholo. Anthu adawomba m'manja. Eneya sadawombe nawo.

Kunyumba zinthu sizidaphweke. Akuluakulu a banja la Stelia adasonkhana pansi pa mtengo wa mango n'kumuitana. Adayankhula anali azakhali a Stelia, mayi wokalamba wa mawu ofatsa.

"A Sakala, mwana mwatibwezera, tathokoza. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inu mwaphwanya mkhate. Nkhani ya pabanja mukanabwera nayo kwa ife, osati kupolisi. Mwini mbumba ali m'chitolokosi chifukwa cha mkamwini. Chimanga chikacha mukolole, mukatero mudzione njira."

"Ndamva, amayi," adayankha Eneya. "Ndingofunsako: mkhatewo munkasungiramo chiyani, poti ana munali mutawatulutsamo kale?"

 Stelia adakhala kumbali ya amayi, mutu uli pansi, akuthyolathyola kaudzu.

Tamandani naye sadabwerere yense. Anzake ankamuzemba, amayi ena ankakoka ana awo akamadutsa. Tsiku lina adasowa pakhomo, ndipo adakamupeza kumanda, ataima patsogolo pa mtanda wolembedwa dzina lake. Ankawerenga zilembozo ndi chala. Eneya adauzula mtandawo n'kuuthyola pabondo, koma mwanayo adapitirizabe kuyang'ana mtumbirawo.

"Bambo aakulu, amayi ake a Maliko anawauza?"

"Sitikuwadziwa, mwana wanga. Apolisi akufufuza."

"Iye ankati kwawo ndi kwa Mavwere, kuseri kwa chigayo cha dizilo. Ankati amayi ake amaphika zitumbuwa zokoma kuposa za aliyense. Ankati pa Isitala tidzapita limodzi ndikalawe."

Eneya adakauza apolisi zimenezi, ndipo adawapempha kuti uthengawo akautule yekha, usakafike ndi galimoto ndi yunifolomu. Adamulola.

M'mawa wa ulendowo akupopa njinga, Stelia adatuluka m'nyumba atavala chitenje chake cha kumaliro, china atachipinda m'manja. Chiyambire msonkhano wa pansi pa mango uja anali asanayankhulane zoposa moni.

"Mukupita kuti, mayi a Mayeso?"

"Komwe mukupita inuko."

"Azakhali anu akuona."

"Aone. Achimwene ndi mlongo wanga, ndipo mawa ndikawaona kupolisi, ndiwatengera chakudya. Zimenezo musandiletse. Koma uthenga wotere mwamuna sapita nawo yekha. Inu mudziwa kuyankhula, bambo a Mayeso, nthawi zina mopitirira. Nanga mayiyo akagwa amugwira ndani?"

Adakhala pakaliyala. Adadutsa pakati pa mudzi, anthu akusuzumira m'makhonde, ndipo Stelia sadazyolike.

Kwa Mavwere zigayo zinalipo zingapo. Adafunsa pa choyamba, anthu adapukusa mitu. Pa chachiwiri adawalozera kwa Maliko wina, bambo wandevu wokhoma zidebe. Dzuwa linali litapendeka pamene mtsikana wogulitsa tomato pa chigayo chachitatu adati, "Maliko amene anapita ku Zambia? Nyumba ndi iyo, yofolera udzu watsopanoyo."

Pabwalo panali mayi wachitsikana ndithu, wocheperapo kwa Anasi, atawerama pa chiwaya cha mafuta. Fungo la zitumbuwa lidawachingamira. Atamva odi adadzuka, akupukuta manja pachitenje.

"Fikani, fikani. Alendo achokera kuti?"

"Tachokera cha kuboda, mayi," adatero Eneya. "Kodi ndinu mayi a Maliko?"

Nkhope ya mayiyo idawala ngati wayatsidwa nyali.

"Ndine! Mwamuona? Ali bwanji? Wanenepa? Ndimauza anzanga kuti mwana wanga akumwa mkaka tsiku ndi tsiku kumeneko. Anandilonjeza kuti pa Isitala abwera. Taimani ndikuyalireni mphasa, mundiuze bwinobwino. Mulaweko zitumbuwa, zangopsa kumene."

Adathamangira m'nyumba, akuseka yekha. Eneya, munthu amene adayankhula pamaguwa, m'misonkhano ndi pamaso pa chigulu cha miyala, adafunafuna mawu m'kamwa mwake osawapeza. Adavula chipewa.

Mayi uja adatuluka ndi mphasa. Adaona chipewa chili m'manja. Adaona chitenje cha Stelia. Kuseka kudatsalira pamilomo pokha, mphasa idayamba kutsetsereka kukhwapa kwake.

Stelia adapita kaye pamoto n'kuphula chiwaya cha mafuta, kuchiika patali. Kenako adamuyandikira mayiyo, manja ali chitambasulire.

"Khalani pansi, mng'ono wanga," adatero. "Khalani pansi, ndakugwirani."